Zipsera Pamutu pa Nkhunzi

Sajeni anazimitsa galimoto pachipata cha famu, natsinzina pang'ono monga mwa chizolowezi chake.

"Ambuye, ndisagwire wosalakwa," ananong'ona.

Pemphero lake linathera pomwepo. Sankakonda kuchulutsa mawu, ngakhale kwa Mulungu.

Lamulo limene abwana ake anamupatsa m'mawa umenewo nalonso linali lalifupi. Apite kufamu ya ng'ombe za nyama, akatenge mayi wina wa vetenale, abwere naye kupolisi. A Manijala a famuyo anali atadandaula kale kuti mayiyo wachita chinyengo pa ntchito yoyeza nkhunzi. "Umboni ulipo, ndi dzanja lake lomwe," anatero abwanawo. "Usakayambe zako zija zofunsa mafunso mpaka dzuwa kulowa. Ukangomutenga basi."

A Manijala anamulandira pakhomo la ofesi. Anali munthu wa nsapato zowala ngati sizinapondepo ndowe, ndipo ankayankhula mothamanga ngati akuopa kusiyidwa ndi basi.

"Mwafika bwino, Sajeni, khalani apa. Famu ino sitigulitsa nyama ayi, timagulitsa mbewu. Chaka chilichonse timazula ubweya wa kumchira kwa nkhunzi zazing'ono zonse, aliyonse mu envelopu yake, n'kutumiza ku labotale. Kumeneko amawerenga chibadwa cha ng'ombe m'mizu ya ubweyawo, n'kutiuza kuti ana a nkhunzi iyi adzakula msanga, a iyi adzakhala mafupa okhaokha. Yopambana timaisunga, mbewu yake imapita kwa alimi ambirimbiri. Zotsalira kumapeto zimapita kokaphedwa."

"Tsono chalakwika n'chiyani?"

"Dzulo a Dokotala a ku labotale anaimba foni. Akuti ubweya umene unapambana si wa nkhunzi imene taisunga. Tangoganizani manyazi ake! Ndiye wozula ubweya ndani? Mayi Vetenale. Wolemba nambala pa envelopu? Iwo omwe. Womata envelopu? Iwo omwenso. Mukufunanso chiyani?"

"Tsiku lozula ubweyalo inu munali kuti?"

"M'tauni, kumsonkhano, tsiku lonse. Komanso ine pano ndabwera chaka chomwe chino. Ng'ombezo zonse n'zofiira, zonse zopanda nyanga. Kwa ine n'zofanana ngati nyerere."

Sajeni anagwedeza mutu. Maso ake anali pawindo. Kunja, pamalo okwezera ng'ombe m'galimoto, panali mapazi a matayala akuluakulu, ndipo ndowe zimene zinali pamenepo zinali zisanaume.

*

Sajeni anawapeza a Dokotala kukhola. Anali atafika patsogolo pake, ndipo anali atalowa kale m'katimo ndi nsapato zawo za muofesi, matope mpaka m'akakolo. Anali mayi wamng'ono thupi, wa mawu okweza. Nkhunzi ija yosungidwa inkadya udzu mosatekeseka.

"Ndinu apolisi? Bwerani kuno! Bwerani, siiluma. Ndipatseni dzanja lanu."

Sajeni asanayankhe, dzanja lake linali litaikidwa kale pamutu pa nkhunziyo, pakati pa makutu.

"Papasani pansi pa ubweyapo. Mukumva chiyani?"

"Pali malo awiri olimba. Ngati zipsera."

"Zipsera! Ndi zimene ndabwerera ulendo wonsewu, kuti ndidzakhudze ndekha ndisanauze munthu." A Dokotala anawomba m'manja, nkhunzi ija n'kudzidzimuka. "Pano ng'ombe ikabadwa amaiwotcha ndi chitsulo chamoto pomwe pamatuluka nyanga, kuti zisamabayane. N'chifukwa chake zonse zimaoneka zopanda nyanga. Koma ubweya umene unapambana ku labotale ukunena kuti mwini wake anabadwa wopanda nyanga. Chibadwire! Dzulo nditaona m'mabuku a famu kuti iyi inawotchedwa, ndinadabwa. Nanga zipsera yazitenga kuti?"

"Makina anuwo salakwitsa?"

"Amalakwitsa, bwanji osalakwitsa? Ife si aneneri. Pa nkhani ya kakulidwe ka ana, timalondola mwina magawo asanu ndi awiri pa khumi. Tikamayeza ng'ombe zambiri za mtundu womwewu, kulondolako kumakwera. Ndiye nthawi zina nkhunzi yokongola m'maso imagwa, yonyasa n'kupambana, ndipo ine ndemwe ndinawaphunzitsa anthu a pano kuti zikatero asamadabwe." Mawu awo anatsika. "Amene wachita chinyengochi wabisala m'magawo atatu otsalawo, Sajeni. Wabisala kumbuyo kwa mawu anga. Koma nyanga si zolosera. Pa nyanga makina sanama."

"A Manijala mwawauza za nyangazi?"

"Ayi. Pafoni ndinangoti ubweya sukugwirizana ndi nkhunzi."

"Chonde, musawauze kaye."

A Dokotala anamuyang'ana, pakamwa pali yasa. Sajeni anali atatembenuka kale.

*

Mayi Vetenale anali m'kachipinda kosungira mankhwala. Chikwama chawo chinali pamiyendo, chomanga kale, ndipo pamwamba pake panali juzi yopinda bwino. Munthuyo anali atadzikonzekeretsa kukagona m'chitokosi. Pambali pawo, pa ndowa yovundikira, panakhala kapitawo wa abusa, bambo wa imvi amene aliyense pafamupo ankangowatchula kuti Madala. Ketulo inkawira pa kambaula.

"Mwabwera kudzanditenga," anatero mayiwo. Silinali funso.

"Ndabwera kudzafunsa kaye. Ubweya mumazula bwanji?"

"Ng'ombe zimalowa mu mpanda wopapatiza, imodzi imodzi. Ine ndimaima kumchira. Ndimazula, ndimaika mu envelopu, ndimalemba nambala, ndimamata."

"Nambalayo imakhala pati?"

"Pakhutu. Pa kapulasitiki kachikasu."

"Inu muli kumchira, khutu lili kumutu. Mumaiona bwanji?"

Mayi Vetenale anayang'ana chikwama chawo.

"Wina amaima kumutu n'kumawerenga mokweza. Ine ndimalemba zimene ndamva."

Sajeni anayesetsa kuti mawu ake asasinthe.

"Tsiku limenelo ankawerenga ndani?"

"Ndi ntchito ya a kapitawo," anayankha Madala mofulumira, ndi mawu a besi. "Ine ndawerenga manambala pafamu pano mwana uyu asanayambe n'komwe sukulu ya vetenale."

"Ndi zoona zimenezo, mayi?"

"Envelopu ndinalemba ndine," anatero mayiwo. "Zinazo sindiyankha."

"Mukudziwa kuti mukapanda kuyankha mlandu wonse ugwera inu? Ntchito ithera pomwepa, mwinanso ndende."

"Ndikudziwa. Mulungu akuona."

Ketulo inasefukira. Mayiwo anaimirira, nathira tiyi m'makapu atatu, ngati kuti wapolisi wodzawamanga ndi mlendo ngati wina aliyense. Sajeni analandira yake ndi manja awiri. Ya Madala anaiika pa bokosi pambali pawo. Madala anatambasula dzanja, koma linapita pambali, zala zikugwira mphepo. Mayi Vetenale, osayang'ana n'komwe, anakankha kapuyo ndi chala chimodzi, naitembenuza kuti chogwirira chikumane ndi dzanjalo. Anachita zimenezi mwakachetechete, ngati munthu amene wazichita kambirimbiri.

Sajeni anaika tiyi wake pansi osamulawa.

"Madala, tandiperekezeni kukhola."

*

Anaima pafupi ndi thole lina limene linatulutsa mutu pa mpanda. Kapulasitiki kachikasu kanali lendelende pakhutu pake, nambala yake yakuda bii, yaikulu ngati chala.

"Tandiwerengereni nambala iyi."

Madala anawerama. Anasuzumira, anabwerera m'mbuyo, anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Pali matope," anatero.

"Palibe matope, bambo."

Mapewa aakulu a Madala anagwa.

"Ndi nkhungu, mwana wanga. Inayamba chaka chatha. Nkhope ya ng'ombe ndimaizindikira, koma manambala amangosambira. Mayi uja yekha ndiye anadziwa. Masiku ena amathamanga yekha kumutu kukawerenga, n'kubwereranso kumchira, kuti anthu asaone. Kapitawo wosaona amusunga ndani? Kunyumba kuli adzukulu."

"Tsiku la ubweya anathamanganso?"

"Nkhunzi zinali zambiri, sakanatha. Ndiye nditaima kumutu kuja, thukuta lili kamukamu, ndinangomva dzanja paphewa. A Manijala. Akuti, 'Madala, dzuwali lakuthwa, kakhaleni pamthunzi, ndikuwerengerani ine. Sitiuza munthu.' Ine mpaka ndinawadalitsa! Ndinati koma Mulungu watipatsa bwana wachifundo." Analavula malovu pansi. "M'mawa uno andiitana. Akuti ndikangotsegula pakamwa, nawonso atsegula pawo za maso angawa. Ndipo ine ndakhala duu pa ndowa paja, mwana wa eni ake akumanga chikwama chifukwa cha ine. Lembani, Sajeni. Lembani zonse. Ntchitoyo ithe."

"Tandiyang'anani." Sajeni anasuzumira m'maso mwawo. "Iyi ndi ng'ala. Mayi anga anali nayo maso onse awiri. Anakawachotsa kuchipatala, lero amalowetsa okha ulusi pa singano. Zimenezo tikambirana. Pano ndiuzeni ichi: mwa nkhunzi za chaka chino, ilipo imene simunaiwotche pamutu?"

"Imodzi yokha. Mwana wa ng'ombe ija tinagula kutali, yopanda nyanga. Chinyama chokongola! Msana ngati tebulo. Tonse tinkati ndi imene ipambane, koma makina anaiponya kumapeto. A Manijala n'kumati sayansi imaona zimene maso saona."

"Ili kuti?"

"Yakwera lole m'mawa uno ndi zinzake zokaphedwa. Zimayenera kupita sabata yamawa, koma a Manijala anati wogula wafulumira. Sitinazifule n'komwe monga timachitira ndi zokaphedwa. Akuti chofulira chathyoka."

Sajeni sanamve mawu otsirizawo bwinobwino. Anali akuthamanga kale, foni ili kukhutu.

*

Msewu wochoka pafamupo unali umodzi, ndipo usanagawikane unkadutsa pa chipata cha apolisi. Mnzake wa pachipatapo anayankha akutafuna chinachake.

"Lole ya ng'ombe? Ilipo, yangoima kumene. Dalaivala wake akutinyanyula ndi nthabwala."

"Isachoke! Ngakhale akuuze kuti mkazi wake akubereka, isachoke!"

Anabwerera ku ofesi akupuma mwabefu, koma pakhomo anaima kaye, nakonza kolala.

"A Manijala, mayi uja ndamutenga. Tiyeni mukasainire dandaulo lanu. A Dokotala nawonso akubwera."

Nkhope ya a Manijala inawala. Anakhala kutsogolo. Amayi awiri aja anakhala kumbuyo, Mayi Vetenale atakumbatira chikwama chawo, milomo ikugwedezeka popanda mawu. Madala anatsala pachipata cha famu, chipewa chili m'manja.

Sajeni sanayambe wayendetsapo galimoto ya boma chotero. Inkadumpha mabampu ngati mbuzi, fumbi lili koboo kumbuyo. A Dokotala anagwira mpando ndi manja awiri.

"Kupolisi kukupsa kapena?" anafunsa a Manijala akuseka.

"Tidzera kaye pa chipata cha apolisi. Pali lole ina yaimitsidwa."

Kuseka kuja kunazima. Dzanja la a Manijala linalowa m'thumba, n'kutuluka ndi foni. Chala chinayamba kuthamanga pagalasi.

"Tandibwerekani foniyo," anatero Sajeni, maso ali pamsewu. Anaitenga mwaulemu ndithu, ngati akulandira chopereka, naiika m'thumba la malaya ake. "Mabampuwa angakugwetsereni."

Patsogolo, kuseri kwa mitengo, kunayamba kuoneka zitsulo zazitali za lole.

*

Dalaivala wa lole anali chimunthu cha mimba yaikulu, thaulo lili pakhosi. Ataona a Manijala akutsika anatambasula manja.

"Abwana! Mwabwera kudzandiwombola? Awuzeni anyamatawa kuti ng'ombezi zili ndi mapepala kuposa ine. Ine ngakhale chikalata cha ukwati ndilibe!"

"Katunduyu akupita kuti?" anafunsa Sajeni.

"Kokaphedwa, akuluakulu. Mawa muzidya nokha."

"Zonse?"

"Zonse, kupatula mlendo wolemekezeka." Dalaivala anatsinzinira diso limodzi. "Ija ya kadontho ka penti pamsana. Imeneyo itsikira panjira, kukhola kwa achimwene awo a abwanawa. Anandiuza kuti ndiziyenda nayo ngati mazira."

"Wabodza iwe!" anakuwa a Manijala. "Sindikudziwa zimene akunena! Nkhunzi yakumapeto ngati imeneyo ndingaifunirenji?"

"Aaa, abwana, lero ndasanduka wabodza? Pentiyo si munapaka nokha? Onani chikhadabo chanu."

A Manijala anabisa dzanja kumbuyo. Anachedwa.

Sajeni anatsegula chitseko cha kumbuyo kwa galimoto.

"Mayi, chikwamacho chisiyeni. Ng'ombezi zimakudziwani inu. Takwerani mundipezere imene simunaiwotche."

Mayi Vetenale anamuyang'ana ngati sanamve. Kenako anavula nsapato, nakwera zitsulo za lole ngati mtsikana. Sajeni anakwera pambuyo pawo, a Dokotala nawonso, osalabadira za siketi yawo. M'katimo munali fungo la ndowe ndi kutentha. Nkhunzi zinkakankhana, ziboda zikugunda pansi. Mayiwo ankayenda m'mbali, akuziyankhula motsitsa, dzanja likudutsa pamutu pa iliyonse.

"Iyi zipsera. Iyi zipsera. Pepa, bambo, sendera. Iyinso zipsera."

Pakona panaima chinkhunzi cha msana wotambalala, kadontho ka penti woyera kali pamwamba pa mchira. Chinatembenuza mutu chokha, n'kununkhiza dzanja la mayiwo.

"Ndi iyi," anatero.

Sajeni anatambasula dzanja napapasa. Pamutupo panali posalala, pozungulira bwino, popanda chipsera ngakhale chimodzi. A Dokotala anapapasanso, kawiri, kenako anakuwa mpaka apolisi a pachipata anathamangira kulole.

"Ndi imeneyi! Chibadwire! Mayi, zulani ubweya pompano apolisi akuona, ndikauyezanso ndekha!"

Sajeni anatsika. A Manijala anali atatsamira galimoto, nsapato zija zitachita fumbi.

"Munawerenga nambala ya iyi pa inzake, ya inzake pa iyi," anatero Sajeni. "Yabwino inagwa, n'kukhala yotchipa ngati nyama. Mukanaisunga kwa achimwene anu n'kumagulitsa mbewu yake. Dzulo a Dokotala ataimba, munafulumiza lole, n'kuthamangira kwa ife kuti maso athu akhale pa mayiyu. Koma munaiwala za nyanga."

"Ndinali kumsonkhano! Ndani anandiona pa mpanda paja? Nkhalamba yosaona ija?"

"Mwadziwa bwanji kuti saona?"

A Manijala anayang'ana kulole.

"Nanga za nyangazo ndi ziti?" anafunsa kenako, ndi mawu aang'ono. "Zonse zija n'zopanda nyanga."

"Munabwera zitawotchedwa kale," anatero Sajeni, akutulutsa unyolo. "Mukanafunsa."

Foni ya Sajeni inalira m'thumba. Anali abwana ake.

"Uli kuti iwe? Ndinati usachedwe! Munthu uja wamutenga?"

"Ndikubwera naye munthu, bwana. Koma si amene munandituma."

Anadula foni abwanawo akadali kukuwa. Anayang'ana m'mwamba pa lole. Mayi Vetenale anali akadali momwemo, dzanja lili pakhosi pa nkhunzi ija, misozi ikutsika osaipukuta.

"Tsikani, mayi. Mlandu mulibe. Ndikakusiyani kunyumba, mukapume."

Mayiwo anapukusa mutu.

"Zikomo, Sajeni. Koma izi zaima padzuwa chichokere m'mawa. Tandifunsireni anzanuwo ngati ali ndi ndowa. Ziyambe zamwa madzi."

Sajeni anapereka a Manijala kwa mnzake uja, napinda manja a malaya, n'kupita kukafuna ndowa.